Mbiri ya Nthano za Anthu Ogwera M'dziko la Gemu

Anthu a ku Japan ali ndi nthano yakalekale ya msodzi wotchedwa Urashima Tarō. Akuti tsiku lina anapeza ana akuzunza kamba wa m'nyanja, iye n'kumulanditsa. Pothokoza, kambayo anamubereka pamsana n'kupita naye pansi pa nyanja, kunyumba ya mfumu ya m'madzi. Urashima anadya, anamwa, anasangalala, koma posakhalitsa anayamba kupukwa kwawo. Atabwerera kumtunda anapeza mudzi utasintha, makolo ake atamwalira kalekale, ndipo panalibe womudziwa, chifukwa masiku ochepa a pansi pa nyanja anali zaka mazana kumtunda. Anatsegula kabokosi kamene anamupatsa ndi lamulo loti asadzakatsegule, munatuluka utsi woyera, ndipo pomwepo anasanduka nkhalamba ya imvi mbuu. Nkhani ya msodziyu ikutchulidwa kale m'buku la Nihon Shoki la chaka cha 720, ngakhale kuti yakhala ikusinthasintha m'kamwa mwa oisimba.

Ku China, cha m'ma 421, mlakatuli Tao Yuanming analemba za msodzi winanso amene anatsata kamtsinje, nalowa pamng'alu wa phiri, n'kutulukira pamudzi wa anthu omwe makolo awo anathawa nkhondo zaka mazana m'mbuyomo. Anamulandira bwino, anamuphera nkhuku, koma atachoka njira yobwererako sinapezekenso. M'nthano zakale zoterezi, wopita kudziko lina amakhala mlendo wosadziwa kanthu. Amangolandira zimene wapatsidwa, ndipo pamapeto amatsala chimanjamanja. Nthano zimene achinyamata ambirimbiri akuwerenga pafoni masiku ano, za munthu wogwera m'dziko la gemu, ndi zidzukulu za zimenezi, koma zinatembenuza chinthu chimodzi chachikulu: mlendo wa lero amafika akudziwa malamulo a dzikolo kuposa eni nthaka.

Kutembenukaku kunabwera pang'onopang'ono. Alice wa m'buku la Lewis Carroll la 1865 anali akadali mlendo wosokonezeka mutu. Koma mu 1889 Mark Twain anatulutsa buku la mmisiri wa ku Connecticut amene anamenyedwa ndi chitsulo m'mutu n'kutsitsimukira m'nthawi ya Mfumu Arthur. Mmisiriyu ankadziwa tsiku la kadamsana, ndipo analigwiritsa ntchito poopseza anthu omwe ankafuna kumuwotcha. Atapulumuka anayamba kumanga mafakitale ndi masukulu. Nzeru wamba za kwawo zinaoneka ngati matsenga kwa anthu a kumeneko.

Chimene chinkasowabe ndi manambala, ndipo anabwera mu 1974 pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America anatulutsa Dungeons & Dragons. Awa anali masewero a patebulo, ofuna anthu angapo, mapepala, mapensulo ndi madayisi. Aliyense ankasankha kukhala msilikali, wamatsenga kapena wansembe, ndipo papepala pake ankalembapo mphamvu zake, nzeru zake ndi moyo umene watsala nawo, zonse m'manambala. Ukapha chilombo manambala ankakwera, akakwana unkakwera levulo. Kukula kwa ngwazi ya m'nthano kunasanduka chinthu choti munthu n'kuchiwerenga ndi chala. Patangotha zaka zinayi, mu 1978, mayi wolemba mabuku Andre Norton anatulutsa Quag Keep, nkhani ya osewera amene anakokeredwa m'dziko la gemu yawo. Pamkono pa aliyense panali chibangili chosavulika chokhala ndi timadayisi, ndipo timadayisito tinkazungulira tokha zinthu zikafika povuta. Mu 1983 Joel Rosenberg anachita zofananazo ndi ophunzira a pakoleji m'buku la The Sleeping Dragon.

Komabe kumene mbewuyi inakamera bwino ndi ku Japan. Mu 1986 kampani ya Enix inatulutsa Dragon Quest, gemu yosewerera pa TV imene inatenga manambala aja n'kuwafewetsa kuti ngakhale mwana wa kupulayimale awamve. Gawo lake lachitatu litatuluka mu Febuluwale 1988, pakati pa sabata, mizere ya ogula inazungulira masitolo ndipo ana ambiri anajomba kusukulu. M'badwo wonse unakula ukudziwa dziko limodzi losaoneka ndi maso: mudzi woyambirapo ulendo, nyumba ya alendo yogonamo kuti mabala apole, sitolo ya malupanga, ndi mfumu ya ziwanda yodikira kumapeto. M'chaka chomwecho cha 1986 magazini ya Comptiq inayamba kusindikiza zokambirana za anthu akusewera Dungeons & Dragons, ndipo Ryo Mizuno anadzazisandutsa mabuku a Record of Lodoss War. Kuyambira pamenepo wolemba wa ku Japan sankafunikanso kumanga dziko lake kuchokera pamaziko. Ankangotchula levulo kapena mfumu ya ziwanda, owerenga n'kumalizitsa okha chithunzicho m'mutu.

Ana a Dragon Quest anakula pa nthawi yoipa. Chuma cha Japan, chimene chinafufuma kwambiri m'ma 1980, chinaphwa kumayambiriro kwa ma 1990, ndipo makampani anachepetsa kulemba ntchito omaliza sukulu. Ambiri anangodalira maganyu, ena anadzitsekera m'zipinda kwa zaka, ndipo omwe anapeza ntchito ankaweruka usiku ali lefu. Ku South Korea chuma chinagwa mu 1997, boma linakapempha ngongole ku IMF, mabanja ambiri anamira m'ngongole, ndipo zipinda zolipira zosewereramo magemu, zotchedwa PC bang, zinafalikira m'matauni monse. Ndi nthawi yomweyi pamene panabuka magemu a pa intaneti omwe anthu masauzande amasewera limodzi m'dziko limodzi: Ultima Online mu 1997, Lineage ya ku Korea komweko mu 1998, EverQuest mu 1999, Ragnarok Online ndi Final Fantasy XI mu 2002. M'menemo munthu ankapeza chimene kunja ankamanidwa. Thukuta lake lonse linkalembedwa, panalibe bwana wolibisa kapena wachibale wa bwana wodumpha mzere, ndipo wolimbikira ankaonekera poyera. Ine ndimaona kuti mtima wa nthano zonsezi wagona pamenepa, ndipo amene amazinyoza kuti n'zachibwana amaphonya njala imene inazibala.

Mmodzi mwa osewera otere anali Reki Kawahara. Mu 2001 analemba nkhani yoti akapikisane nayo pa mphoto ya Dengeki, koma inatalika kupyola masamba ololedwa. M'malo moidula, mu 2002 anaiika patsamba lake la pa intaneti pa dzina lobisalira la Fumio Kunori, n'kumaiwonjezera kwa zaka zingapo. Nkhaniyo ndi Sword Art Online. M'menemo anthu 10,000 anavala zisoti zowalowetsa m'gemu yatsopano pa 6 Novembala 2022, kenako anazindikira kuti batani lotulukira palibe. Mwini gemuyo anawauza kuti wofera m'gemu chisoti chimuphadi, ndipo njira yotulukira ndi imodzi yokha, kugonjetsa nsanjika zonse 100 za linga loyandama mumlengalenga lotchedwa Aincrad.

Pamene Kawahara ankalemba kwaulere, ku China anali kupeza njira yoti kulemba kotere kuzidyetsa munthu. Tsamba la Qidian, lomwe linayamba mu 2002, linabweretsa mu 2003 dongosolo loti mitu yoyambirira ya nkhani ikhale yaulere, yotsatira owerenga azilipira kandalama kochepa pa zilembo 1,000 zilizonse, wolemba n'kulandirapo gawo lake. Kulemba kunasanduka ntchito ya tsiku ndi tsiku yopanda Lamulungu, chifukwa wojomba owerenga amamuthawa. N'chifukwa chake nkhani za ku China zimafika mitu 1,000 kapena 2,000. Mu Terror Infinity ya mu 2007, wogwira ntchito muofesi wotopa ndi moyo anadina batani lovomera pakompyuta yake n'kupezeka ali m'kati mwa mafilimu oopsa, mmene ankapata mapointi akapulumuka, n'kumagulira mphamvu ndi zida.

Ku Japan bwalo lalikulu linatsegulidwa mu 2004, tsamba la Shōsetsuka ni Narō limene anayambitsa Yusuke Umezaki. Aliyense amatha kulembapo popanda mkonzi kapena satifiketi, kaya ndi wogulitsa m'sitolo, mayi wapakhomo kapena kalaliki. Munthu amaponya mutu umodzi madzulo, m'mawa n'kupeza owerenga ayankha kale, wina akuyamikira, wina akudandaula kuti ngwazi yachita zopusa. Zili ngati nthano za kwathu kuno zimene siziyenda popanda omvera kuvomera kuti tili tonse, ndipo wosimba akaona ana ayamba kuodzera amafulumizitsa nkhani. Owerenga amapereka mapointi, ndipo nkhani za mapointi ambiri zimakwera pamndandanda wa tsiku ndi tsiku. Mndandandawu unaumba kalembedwe kakekake. Wolemba analibe mpata wozungulirazungulira, ngwazi inkayenera kufika kudziko linalo owerenga asanatope. Mayina a nkhani anatalika mpaka kukhala ziganizo zathunthu zoulula zonse za m'katimo, popeza panalibe chikuto chokopa maso.

Zonsezi zikanathera m'Chijapani ndi m'Chitchaina pakanapanda anthu ena omwe ambiri mwa iwo timangowadziwa ndi mayina obisalira. Makampani a ku America ndi ku Ulaya sankakhulupirira kuti mabuku otere angagulidwe, ndipo owerenga anatopa kudikira. Mu 2006 panabadwa tsamba la Baka-Tsuki, kumene anthu odzipereka ankagawana ntchito, wina kumasulira, wina kukonza Chingerezi, wina kuyeretsa zithunzi, onse osalandira kanthu. Sword Art Online inawerengedwa m'Chingerezi kumeneko zaka zingapo kampani ya Yen Press isanaitulutse mwalamulo mu 2014, ndipo kuchokera m'Chingerezicho ena ankaimasuliranso m'Chisipanishi, Chifalansa, Chiindoneziya ndi zilankhulo zina. Lamulo lawo linali loti kampani ikagula chilolezo cha buku, iwo amalichotsa. Zimenezi sizifafaniza mfundo yoti ankamasulira ntchito ya eni popanda kupempha, ndipo olemba sankapezapo ngakhale khobidi. Koma ndi iwowa amene anaonetsa makampani kuti owerenga alipo, ndiponso ndi ambiri.

Mu 2007 ku Korea kunayamba nkhani imene inadzayenda mtunda wautali m'manja mwa omasulira otere. Kumeneko lupanga la m'gemu ya Lineage linkagulitsidwa ndi ndalama zenizeni, choncho ngwazi ya ku Korea imalowa m'gemu kukasaka ndalama. Lee Hyun wa mu The Legendary Moonlight Sculptor, imene Nam Heesung analemba mpaka 2019 m'mabuku 58, ndi mwana wamasiye wosamalira agogo ake ndi mlongo wake. Anagulitsa munthu wake wa m'gemu ina pa mtengo woposa 3 biliyoni won, akatapila omwe makolo ake anakongolako anabwera n'kulanda pafupifupi zonse, iye n'kukayambiranso m'gemu yatsopano ya Royal Road. Kumeneko anagwera ntchito imene sankaifuna n'komwe, yosema ziboliboli, ndipo anakwera pamwamba chifukwa cha kuumira ndi khama losatopa. Ankasoka, ankaphika, ankanola malupanga, ndipo khobidi lililonse ankaliwerenga kawiri asanalitulutse m'thumba.

Kawahara uja anapambana mphoto ya Dengeki mu 2008 ndi nkhani ina, Accel World. Mkonzi wake atawerenga ya pa intaneti ija anaifunanso, ndipo buku loyamba la Sword Art Online linatuluka mu Epulo 2009, katuni yake mu 2012. Osindikiza mabuku anatsegula maso: nkhani zoti owerenga aziyesa kale n'kuzikonda zinali mbwee pa intaneti, zongofuna kutola.

Chaka cha 2010 chinabala nkhani ziwiri zimene zinataya zisoti n'kumuponyeratu munthu m'dziko la gemu. Mu Overlord, imene Kugane Maruyama anayamba kulemba patsamba la Arcadia, wogwira ntchito muofesi wina wosungulumwa anatsala yekha m'gemu ya Yggdrasil usiku umene inkatsekedwa itatha zaka 12. Gulu lake, lomwe kale linali la anthu 41, linali litamwazikana ndi zotangwanitsa za moyo. Nthawi itakwana 12 koloko gemu sinazime, ndipo antchito a kompyuta amene anzakewo anapanga anayamba kulankhula ndi kumugwadira. Iye tsopano anali mafupa okhaokha ovala mkanjo wachifumu, ndipo chimene ankafunitsitsa m'dziko latsopanolo ndi kumva ngati mnzake wina analiko.

Inayo ndi Log Horizon ya Mamare Touno, ndipo kwa ine iyi ndi imene inakumba mozama kuposa zonse. Osewera 30,000 a ku Japan anadzidzimuka ali m'dziko la gemu ya Elder Tale. Imfa kunalibe, pakuti wophedwa ankadzukanso m'kachisi. Chakudya chinalipo chambiri, koma chilichonse chopangidwa pongodina batani, kaya chioneke chokoma bwanji, m'kamwa sichinkamveka kanthu. Anthu osaopa kufa, opanda ntchito, opanda chowakomera, anayamba kulusirana, ndipo amphamvu anatsekera ana ongoyamba kumene n'kumawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Zinthu zinasintha pamene wophika wina anazindikira kuti akasiya batani, n'kutenga mpeni, kudula nyama ndi kuiwotcha pamoto ndi manja ake, kukoma kumabwerera. Ndi chinsinsi chimenechi Shiroe, mnyamata wamagalasi wopanda mphamvu zomenyera nkhondo payekha, anatsegulitsa kamalo kogulitsirapo chakudya, anasonkhanitsa ndalama, anagula nyumba imene munali banki ya mzinda wa Akiba, n'kukakamiza atsogoleri a magulu kukhala pansi kuti apangane malamulo. Pambuyo pake osewerawo anayenera kuvomereza kuti eni dziko aja, omwe ankawayesa zidole za kompyuta, ndi anthu enieni okhala ndi ana, minda ndi mantha awo. Nkhani imene wowerenga amaiyamba akufunsa kuti atuluka bwanji imasanduka ya misika, milandu ndi mapangano a mtendere, ndipo m'kati mwake zimaululika kuti wofa aliyense akadzuka amataya kachigawo ka zimene ankakumbukira za kwawo.

Kuyambira 2012 nkhanizi zinasefukira. Re:Zero, Mushoku Tensei, KonoSuba ndi The Rising of the Shield Hero zonse zinayambira pa Narō m'chaka chimenecho, ndipo That Time I Got Reincarnated as a Slime inatsatira mu 2013. Ena mwa mayiko a m'nkhanizi sankatchedwanso gemu, koma ankayendabe ndi malamulo a gemu, ngwazi n'kumaona manambala ake patsogolo pa maso. Njira yopitira kumeneko inafupikanso, kugundidwa ndi thiraki kapena kufa ndi kutopa kuntchito. Atsikana nawo anapeza mbali yawo. Mu 2014 Satoru Yamaguchi anayamba nkhani ya Katarina Claes, mwana wa nduna yolemera, amene ali ndi zaka 8 anagwa n'kumenyetsa mutu, n'kukumbukira kuti dziko limene alimo ndi gemu ya zachikondi imene ankasewera m'moyo wake woyamba, ndipo iye ndi mtsikana woipa mtima uja amene mathero ake ndi kuphedwa kapena kupirikitsidwa. Katarina anagwira khasu n'kuyamba kulima, poganiza kuti akadzapirikitsidwa asadzafe ndi njala. Nkhani zoterezi zinachuluka mpaka mu 2017 mpikisano wina wa kampani ya Kadokawa unakana kulandira za kupita kudziko lina.

Cha m'ma 2013 okonda nkhani ya wosema ziboliboli uja anatsegula tsamba loikapo mitu yake yomasuliridwa m'Chingerezi, nalitcha Royal Road potengera gemu ya m'nkhaniyo. Podikira mutu wotsatira, owerenga anayamba kulemba nkhani zawozawo zofanana nayo, ndipo m'kupita kwa nthawi zawozo zinachuluka mpaka kukwirira imene inawasonkhanitsa. Lero Royal Road ndi bwalo lalikulu la olemba nkhani zotere m'Chingerezi, ndipo Dungeon Crawler Carl ya Matt Dinniman, imene tsopano ili m'masitolo akuluakulu a mabuku, inayambira pomwepo. M'chaka chomwecho cha 2013 kampani ya Eksmo ya ku Russia inayamba kutulutsa mabuku pansi pa dzina la LitRPG, lomwe lafala dziko lonse. Za ku Russia zili ndi kuwawa kwakekwake. Mu The Way of the Shaman ya Vasily Mahanenko munthu analamulidwa kukhala m'ndende zaka 8, ndipo ndendeyo inali mgodi wa m'gemu ya Barliona mmene akaidi amakumba miyala akumva ululu weniweni. Mu Play to Live ya D. Rus, wodwala matenda osachiritsika anasankha kukhazikika m'gemu kuti thupi likafa iye atsale.

Mu Disembala 2014 Jingping Lai, wobadwira ku China koma wokulira ku America, amene ankagwira ntchito za ukazembe m'boma la America, anatsegula tsamba la Wuxiaworld kuti aziikapo nkhani ya Coiling Dragon, imene ankamasulira akaweruka pa dzina la RWX. Patatha pafupifupi chaka anasiya ntchito ya boma ija. Kumasulira nako kunayamba kudyetsa munthu: womasulira ankalonjeza mitu ingapo pa sabata, ndipo owerenga akasonkha ndalama zokwanira ankawonjezera mutu wina. Ntchitoyi ndi yolemetsa kuposa mmene imaonekera. Nkhani ya mitu 1,500 imakhala ndi mayina mazanamazana a maluso, zida, mizinda ndi maudindo, ndipo lupanga limene walipatsa dzina pa mutu 40 liyenera kukhala ndi dzina lomwelo pa mutu 900, apo ayi owerenga akudzudzula kusanache. Omasulira ankasunga mindandanda yaitali ya mayina, ndipo pansi pa mutu ankalembapo timawu tofotokoza mwambi kapena nthabwala imene yakana kuwoloka. Owerenga a ku Philippines, Indonesia, Brazil ndi America anadziwa zambiri za miyambo ya ku China ndi Korea kudzera m'timawu timeneti.

Msika utaoneka, eni chuma anafika. Mu 2016 Sam Pinansky anayambitsa J-Novel Club, yomasulira mwalamulo koma n'kumatulutsa zigawo sabata ndi sabata monga ankachitira odzipereka aja. Mu Meyi 2017 China Literature ya pansi pa Tencent, yomwe ndi mwini wa Qidian, inatsegula Webnovel kuti izigulitsa yokha nkhani zake m'Chingerezi, ndipo panabuka mkangano waukulu ndi Wuxiaworld pa za zilolezo, umene unagawanitsa omasulira ndi owerenga omwe. Ndi pa Webnovel pamene ambiri anawerengera The Legendary Mechanic, ya Han Xiao amene anagwera m'gemu yomwe ankaidziwa bwino lomwe, koma ali mmodzi wa anthu a kompyuta aja, gemuyo isanatsegulidwe n'komwe. Osewera enieni atafika, iye ndi amene ankawatuma ntchito ndi kuwagulitsa zida. Mu 2021 Kadokawa inagula gawo lalikulu la J-Novel Club, ndipo Kakao Entertainment ya ku South Korea inagula Wuxiaworld pa madola 37.5 miliyoni. Solo Leveling ya Chugong, mmene manambala a gemu amamupeza mnyamata wofooka m'dziko lake lomwe akusaka ndalama zolipirira mayi ake kuchipatala, inayenda ulendo wonse: nkhani ya pa intaneti mu 2016, ya zithunzi mu 2018, katuni yoonetsedwa m'mayiko ambiri mu 2024.

Sikuti zonse zimene zinawoloka n'zabwino. Zambiri ndi nkhani imodzimodzi yongosinthidwa mayina, ya mnyamata wopatsidwa mphamvu zopanda malire asanakhetse thukuta, zomwe zikupha chinthu chenicheni chimene chinapatsa nthanozi moyo. Choipitsitsa ndi chizolowezi choti ngwazi igule kapolo, kawirikawiri mtsikana, monga anachitira Naofumi mu The Rising of the Shield Hero, nkhani n'kumapitirira ngati kuti kukoma mtima kwa mbuye kwadula unyolo. Ife amene tikudziwa zimene zinkachitikira akapolo ku Nkhotakota ndi ku Zanzibar sitiyenera kumeza zimenezi mwakachetechete.

Palinso za makina. Kale mutu womasuliridwa ndi kompyuta unkadziwika msanga, mwamuna kusanduka mkazi pakati pa chiganizo, dzina limodzi kulembedwa mitundu itatu. Tsopano makina a AI akulemba Chingerezi chosalala, ndipo mu 2023 China Literature inalengeza kuti ikuwagwiritsa ntchito pomasulira nkhani zake. Mitu ikutuluka yambiri ndiponso yotchipa. Koma makina akaphonya nthabwala kapena mwambi sauza munthu, amangosalaza pamenepo n'kupitirira, ndipo wowerenga sadziwa n'komwe kuti wamanidwa kanthu.

Inu amene mumawerenga nkhanizi pafoni, kapena mukudabwa chimene mwana wanu amawerenga mpaka usiku, yambani ndi zimene zinadutsa m'manja mwa munthu amene dzina lake linalembedwa m'bukumo. Sword Art Online ya Yen Press anamasulira ndi Stephen Paul, mabuku oyambirira a Overlord ndi Emily Balistrieri, ndipo Log Horizon, imene ine ndingakupatseni poyamba, anamasulira ndi Taylor Engel, buku loyamba linatuluka mu 2015.